Ndiyatse DLSS kapena ndisiye? Mmene ndimaikira magemu pa makompyuta a kuno ku Harare

Ndimakonza makompyuta kuno ku Mufakose, ndipo pa anthu obwera ndi nkhani za magemu, ambiri funso lawo ndi limodzi: "Achimwene, ichi cha DLSS ndiyatse kapena ndisiye?" Wina amati FSR, wina XeSS, koma nkhani ndi yomweyo: zonsezi ndi njira za m'magemu zokuzira chithunzi kuti khadi la zithunzi la kompyuta lipepukidwe. Aona pa YouTube wina wa kunja akulumbira kuti chithunzi chimakongola kuposa kale, iwo akayatsa kunyumba apeza udzu ukuphethira, nkhope za anthu zili mbuu. Onse awiri sakunama. Kungoti wa kunjayo ali pa sikirini ya 4K ndi khadi latsopano, pamene ife ambiri tili pa 1080p ndi makhadi a kaunjika, magetsi ake a batire. Malangizo ake sangatikwane onse.

Mukamva chomwe chimachitika mkatimo, zina zonse muzidzisankhira nokha. Sikirini ya 1080p ili ndi timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika, tonse pamodzi 2,073,600. Gemu ikamayenda pa mafelemu 60 pa sekondi, kutanthauza zithunzi 60 zotsatizana, khadi la zithunzi limawerengera mtundu wa kadontho kalikonse maulendo 60 sekondi iliyonse, kuphatikizapo kuwala, mithunzi ndi utsi. Upscaling, lomwe ndi dzina la ntchito yomwe DLSS, FSR ndi XeSS zimagwira, imalipeputsa katunduyo. Gemu imajambula chithunzi chaching'ono, tinene cha 1280x720 chomwe chili ndi timadontho 921,600, osafika ndi theka lomwe, kenako pulogalamu imachikuza kuti chidzaze sikirini yonse.

Kukuza chithunzi pakokha si nkhani, TV iliyonse imatha. Chomwe chinasintha ndi komwe timadontho tosowato timachokera. Pa felemu iliyonse gemu imasuntha kamera pang'ono zedi, mtunda wosakwana kadontho kamodzi, moti felemu ya tsopano imaona tinthu tomwe yapitayo sinaone. Gemu imaperekanso ma motion vector, omwe amanena kuti chinthu chilichonse chachoka pati ndipo chafika pati. Pulogalamuyo imatolera zidutswa za mafelemu angapo apitawo n'kuziphatikiza ndi ya tsopano, ndipo ntchito ya AI ndi kuweruza kuti pa zakalezo isunge ziti, itaye ziti. N'chifukwa chake mukaima malo amodzi chithunzi chimakhala chakuthwa bwino, nthawi zina kuposa pamene simunayatse kanthu, koma mukayamba kuthamanga kapena kutembenuka mofulumira ndi pomwe zolakwika zimatulukira. Munthu amene wangotuluka kumene kuseri kwa khoma sanalipo pa mafelemu apitawo, ndiye pulogalamu imangoganizira mmene ayenera kuonekera.

Dziwani kaye khadi lanu. Pa Windows dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, mulowe pa Performance, muwerenge dzina lomwe lalembedwa pa GPU, lomwe ndi khadi la zithunzi lija. DLSS ndi ya Nvidia ndipo imagwira pa makhadi a RTX okha, kuyambira a RTX 20 omwe anatuluka mu 2018, chifukwa ndi omwe ali ndi ma Tensor core ochitira masamu a AI. GTX 1060, 1650 ndi 1660, omwe ndimawaona kawirikawiri patebulo panga, alibe. Mwana wa mlongo wanga anasakasaka pa laputopu yake ya GTX 1650 mpaka kutopa, kenako anabwera. "Malume, DLSS yanga yabisala kuti? Mnzanga akuti pali driver yoitsegulira." Ndinamuuza kuti, "Iwe, palibe driver yoika chitsulo chomwe mulibe m'kompyuta. Ndipo ukatsitsa zomwe akuti zimatsegula DLSS pa GTX, ubwera kuno ndi virus." Amene anaiyesa DLSS mu 2019 pa Battlefield V kapena Metro Exodus n'kuida, sindikuwatsutsa, nthawi imeneyo inkaipitsadi chithunzi. Koma DLSS 2.0 ya 2020 inali chinthu china, ndiye aiyesenso.

A makhadi a GTX ndi a AMD ali ndi FSR ya AMD, yomwe kuyambira pa FSR 1 mpaka 3 sisankha khadi. Apa yang'anani nambala osati dzina lokha. FSR 1 ya 2021 imangokuza felemu imodzi n'kuinola m'mphepete, siyang'ana m'mbuyo, ndipo pa 1080p ine ndimaipewa. FSR 2 ya 2022 ndi FSR 3 ya 2023 zimatolera mafelemu apitawo monga ndafotokozera, koma zimatsata malamulo olembedwa ndi anthu, mulibe AI. Ya AI ndi FSR 4, yomwe inabwera mu 2025 pamodzi ndi makhadi a RX 9070 ndi RX 9070 XT, ndipo inasiya zinzakezo kutali. Palinso XeSS ya Intel, ya 2022. Pa makhadi a Intel Arc imayenda pa zitsulo zake za XMX, pamene pa makhadi ena imadzera njira yopepukirapo yotchedwa DP4a, yomwe GTX 1060 kapena RX 6600 amaitha. M'maso mwanga, pa 1080p XeSS imakhazikika kuposa FSR 2 ndi 3 pa udzu ndi mawaya, koma ndi yolemera, moti pa khadi lofooka mafelemu omwe mumapindula amachepa. Pa RX 580 musataye nayo nthawi, pitani pa FSR. Ndiye wa RTX ayatse DLSS, wa RX 9000 afune FSR 4, otsala aziyamba ndi XeSS kenako FSR n'kuona yomwe yawakomera. Magemu opangidwa ndi pulogalamu ya Unreal Engine 5 monga Fortnite alinso ndi yawo yotchedwa TSR, yomwe imagwira pa khadi lililonse ndipo si yoipa ayi.

Sikirini nayo muidziwe, makamaka amene mumasewerera pa TV ya pabalaza. Ma TV ambiri a mainchesi 32 olembedwa HD Ready ali ndi timadontho 1366x768 tokha, ngakhale amalandira 1080p pa HDMI mosadandaula. Taganizirani zomwe zimachitika mukaika gemu pa 1080p n'kuyatsa upscaling. Khadi lijambula 720p, likuze kufika 1080p, kenako TV ichepetsenso kufika 768. Mwalitopetsa khadi pachabe ndipo chithunzi chadutsa m'manja awiri. Werengani nambala ya TV yomwe ili kumbuyo kwake, muifufuze pa intaneti. Ikakhala ya 768, ikani gemu pa mlingo womwewo ndipo upscaling muisiye. Yatsaninso Game Mode pa TV, apo ayi kuchedwa komwe muzimva m'manja muziimba nako mlandu khadi losalakwa.

Chinthu chomwe ambiri amadumpha ndi kufufuza chomwe chikuchedwetsa gemu. Upscaling imapeputsa khadi la zithunzi basi. Ngati amene watopa ndi purosesa, mungaike Ultra Performance, mlingo wochepetsa chithunzi kwambiri, koma mafelemu sasuntha, chithunzi chokha ndi chomwe chiipe. Izi zimachitika kwambiri pa makompyuta akale a muofesi omwe anthu amagula motchipa n'kuikamo khadi labwino, purosesa yake ili Core i5 ya zaka khumi zapitazo, RAM ndodo imodzi. Kuti mudziwe, tsitsani MSI Afterburner, pulogalamu yoonetsa mmene khadi likugwirira ntchito, pa webusaiti yeniyeni ya MSI, chifukwa pali mawebusaiti abodza oitengera. Imabwera ndi inzake yotchedwa RivaTuner Statistics Server, ikani zonse ziwiri. Mu Settings pitani pa Monitoring, musankhe GPU usage, Memory usage, Power, GPU temperature, Framerate ndi Frametime, ndipo pa chilichonse muchonge Show in On-Screen Display. Lowani m'gemu, pitani pamalo olemera ngati pakati pa tauni pomwe pali anthu ndi magalimoto ambiri, V-Sync (yomwe imamangirira mafelemu ku liwiro la monita) ndi malire a mafelemu zili zozimitsa. GPU usage ikamakhala pa 97 mpaka 99, khadi ndi lomwe lafika pamapeto ndipo upscaling ikuthandizani. Ikamayendayenda pa 60 kapena 70, khadi likudikirira purosesa.

Amene mulibe data yotsitsira zimenezi pali njira yachidule. Tsitsani gemu kufika pa 720p kwa kanthawi. Mafelemu akakwera kwambiri, upscaling ili ndi ntchito. Akakhala pomwepo, iwalani za iyo, chepetsani zomwe zimalemetsa purosesa monga kuchuluka kwa anthu mumsewu ndi kutalika kwa mtunda womwe gemu imajambula, ndipo mukapeza ndalama onjezerani ndodo yachiwiri ya RAM yofanana ndi yoyambayo kuti ziziyenda ziwiri. Wa RTX amene khadi lake likungokhala angayatse DLAA, yomwe ndi DLSS yomweyo koma yosachepetsa chithunzi, imangosalaza m'mphepete mwa zinthu.

Tifike pa mayina omwe mumawaona posankha upscaling m'gemu, Quality, Balanced, Performance ndi Ultra Performance. Onsewa akungonena kuti chithunzi choyambira chichepe motani. Pa DLSS, Quality imatenga magawo awiri mwa atatu a mbali iliyonse, Balanced 58 peresenti, Performance theka, Ultra Performance gawo limodzi mwa atatu. FSR ndi chimodzimodzi kupatula kuti Balanced yake ndi 59. Pa monita ya 1080p ndiye kuti Quality ikuyambira pa 1280x720, Performance pa 960x540, Ultra Performance pa 640x360. Muone bwino apa, theka la mbali iliyonse limasiya kota ya timadontho, 518,400 tokha. Pa 4K, Performance yomweyo ikuyambira pa 1920x1080, timadontho tochuluka kanayi kuposa tanuto. Zili ngati kuthira madzi mu ndiwo alendo akafika mwadzidzidzi. Mumphika mukakhala nyama yambiri msuzi umakomabe, koma ngati munali fupa limodzi aliyense adziwa kuti akumwa madzi. Wa pa YouTube akamatamanda Performance, mumphika mwake muli 1080p yathunthu.

Choncho pa 1080p ine ndimaima pa Quality. Ndimatsikira pa Balanced pokhapokha ngati ili DLSS ndipo gemu yakanitsitsa kufika pomwe ndikufuna. Pa 1440p Quality imayambira pa 1707x960 ndipo apa zinthu zimakoma kwambiri, ngakhale Balanced imapiririka. Pa 4K Performance ilibe vuto. Ultra Performance anaipangira 8K, ife isatikhudze. Chenjerani ndi XeSS, chifukwa kuyambira pa 1.3 ya 2024 Intel inasuntha mayina. Quality yake imachepetsa chithunzi mofanana ndi Balanced ya anzake, ndipo yofanana ndi Quality ya DLSS ndi yomwe amaitcha Ultra Quality. Magemu ena monga Black Myth: Wukong amakupatsani nambala yokoka m'malo mwa mayina. Pamenepo 67 ndi Quality, 50 ndi Performance.

Musayembekezere kuti timadontho tikachepa ndi theka mafelemu achuluka kawiri. Kukuzako nako kumadya nthawi yake pa felemu iliyonse, ndipo pali ntchito zina za khadi zomwe sizichepa chithunzi chikachepa. Khadi likakhala lofooka, nthawi yokuzirayo imadya gawo lalikulu la phindu. Pa chifukwa chomwechi, musanatsike kuchoka pa Quality, tsitsani kaye zinthu zolemera. Ray tracing, njira yolemera yowerengera kuwala ndi mithunzi, pa RTX 2060 kapena 3050 ingozimitsani. Mithunzi, chifunga ndi mitambo zichoke pa Ultra zipite pa Medium kapena High. Kawirikawiri mukamasewera simuona n'komwe kuti mwasintha, pamene kuchoka pa 720p kupita pa 540p kumaoneka paliponse.

Poyesa ndi maso, chithunzi chojambula gemu itaima sichikuuzani kanthu, pa zifukwa ndanena kale. Zimitsani motion blur, film grain, chromatic aberration ndi depth of field, chifukwa zimabisa zolakwika ndipo zina zimawonjezera. Kenako sankhani malo amodzi omwe muzibwerera nthawi iliyonse mukasintha. Ine ndimakonda kuima pansi pa mawaya a magetsi kapena pafupi ndi mpanda wa waya. Yendetsani kamera pang'onopang'ono kumanja maso ali pa waya mmodzi. Upscaling ikamagwira bwino wayayo amakhala mzere umodzi kuchoka pa polo kufika pa polo. Ikalephera amadukaduka, kuoneka n'kusowa, ndipo mpandawo umaphethira ngakhale inu mutaima. Mu Red Dead Redemption 2 yang'anani mchira wa kavalo ndi nthambi za mitengo zomwe kuseri kwake kuli thambo loyera. Mu Forza Horizon 5 yang'anani kumbuyo kwa galimoto mukamakhota, muone ngati ikusiya kachithunzi kotsalira, komwe amati ghosting. Mu Cyberpunk 2077 onani zikwangwani zowala zakutali ndi anthu oyenda patali. Pomaliza zungulirani kamera mwachangu kuzungulira munthu wanu, muone m'mphepete mwa mapewa ndi tsitsi. Pa FSR 2 ndi 3 pamenepo pamakhala tinyenyeswa tothothoka.

Zonsezi muzichite mutakhala pomwe mumakhala posewera, osati mphuno pa galasi. Cholakwika chomwe chimaoneka mutayandikira masentimita khumi okha si cholakwika kwa inu. Ndipo anthu timasiyana. Ine kuphethira kwa udzu kumandipweteka maso msanga, koma ndili ndi kasitomala wina, bambo wachikulire wa ku Highfield wokonda magemu a magalimoto, amene nditamuonetsa anangoti, "Mwana wanga, ine ndikuyang'ana msewu, udzuwo ndi wa chiyani?" Ndinamusiyira FSR yake.

Pali kokoka kena kolembedwa Sharpness komwe anthu amakakankhira kumapeto poganiza kuti akubweza zomwe zatayika. Sikabweza kanthu. Kamangolemba mizere yoyera m'mphepete mwa zinthu n'kukulitsa kuphethira. Yambirani pansi, mukwere pang'onopang'ono, ndipo mukangoona mzere woyera kuzungulira denga kapena mutu wa munthu mubwerere.

A RTX muli ndi mwayi wina. Mu January 2025 Nvidia inatulutsa DLSS 4, ndipo mbali yake yokuzira chithunzi, yomwe imagwiritsa ntchito AI ya mtundu wa transformer, imagwira pa RTX zonse mpaka za 20. Ubwino wake waukulu ndi woti chithunzi sichifewa kwambiri mukamayenda, lomwe linali dandaulo lalikulu pa 1080p. Magemu ena ali nayo mu settings, mumangosankha Transformer m'malo mwa CNN yakaleyo monga mu Cyberpunk 2077. Kwa ena mumalowa mu Nvidia App, pa Graphics, kusankha gemuyo n'kusintha pa DLSS Override kuti itenge yatsopano. Dziwani kuti ndi yolemererapo, ndipo kulemerako kumamveka kwambiri pa RTX 20 ndi 30. Mungataye mafelemu angapo. Yerekezani Balanced yatsopano ndi Quality yakale pamalo anu oyesera aja, nthawi zambiri yatsopanoyo imapambana.

Frame Generation musaisokoneze ndi upscaling ngakhale zimakhala pamalo amodzi. Iyi imapeka felemu yathunthu n'kuilowetsa pakati pa mafelemu awiri enieni. Ya Nvidia inayamba mu 2022 pa RTX 40, ndipo RTX 50 imatha kulowetsa angapo pakati. Ya FSR 3 imagwira pa makhadi ambiri, ndipo kuyambira pa FSR 3.1 wa RTX 3060 angathe kukuza chithunzi ndi DLSS n'kupeka mafelemu ndi FSR ngati gemu yalola. Nambala imakwera, maso amaona kusalala, koma gemu imamvera dzanja lanu pa mafelemu enieni okha, ndipo imachedwerako pang'ono chifukwa imasunga felemu imodzi kudikirira inzake. AMD yomwe imalangiza kuti muyambe muli pa 60 musanayatse. Tsono ngati monita yanu ndi ya 60Hz, yoonetsa mafelemu 60 okha pa sekondi, mukaiyatsa n'kuima pa 60 ndiye kuti enieni ndi 30, felemu iliyonse ikutenga mamilisekondi 33.3 m'malo mwa 16.7. Mausi imamveka ngati ikukokedwa. Popanda monita ya 120 kapena 144Hz ine sindiyatsa.

Pomwe ndimaona phindu lenileni la upscaling kwa ife a ku Harare ndi pa magetsi, nkhani yomwe a kunja satchula kawirikawiri chifukwa kwawo sathima. Magetsi akapita ambirife timatsala pa sola ndi inverter, ndipo kompyuta ya magemu ndi mdani wa batire. RTX 3060 payokha anailembera mawati 170, RTX 2060 160, RX 6600 132, RTX 4060 115, osawerengera purosesa ndi monita. Mukayatsa DLSS osaika malire, simunapulumutse kanthu. Khadi likugwirabe ndi mphamvu zake zonse, langoyamba kutulutsa mafelemu ochuluka, tinene 90, pa monita yomwe siingaonetse oposa 60. Koma mukaika malire pa 60, khadi limamaliza felemu msanga n'kupuma kudikirira yotsatira. Pa manambala a Afterburner aja muona GPU usage ikutsika, mawati akutsika, kutentha kukutsika, ndipo mafani amachepetsa phokoso.

Malirewo mungaike m'gemu momwemo ngati muli, ndipo ndi pomwe ndimayambira. Apo ayi, mu Nvidia App kapena Nvidia Control Panel muli Max Frame Rate, a AMD ali ndi Radeon Chill, ndipo RivaTuner ili ndi Framerate limit yomwe imagwira pa khadi lililonse. Masamu ake ndi osavuta. Batire la 12V 100Ah limasunga ma watt-hour 1,200. Ngati kompyuta yonse ikudya mawati 300, papepala ndi maola anayi. Mukaitsitsa kufika pa 200, ndi maola asanu ndi limodzi. Zenizeni zimachepa kuposa apo chifukwa inverter nayo imadya, ndipo batire la gel silifuna kutsitsidwa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse. Komabe kusiyanako kulipo, ndipo batire lomwelo ndi lomwe likuyatsa firiji, magetsi a m'nyumba ndi rauta. Inverter ikayamba kulira, amayi a m'nyumba safunsa kuti mwasunga gemu kapena ayi. Nthawi zoterezi ine ndimaika DLSS pa Quality ngakhale pa gemu yomwe khadi limaitha popanda thandizo, malire pa 60, ndipo mu Afterburner ndimatsitsa Power Limit kufika pa 80 peresenti. Pa magemu a nkhani osafuna changu, malire a 40 kapena 45 amapiririka ngati monita ili ndi FreeSync kapena G-Sync, zomwe zimaichititsa kutsata liwiro la mafelemu a khadi. Ikakhala ilibe, khalani pa 60 kapena 30, manambala apakatiwo amadodoma.

Njira yomweyi imathandiza mwezi wa October, pomwe kutentha ndi fumbi zimakumana. Laputopu ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro, ndiye mumaona gemu ikuyamba bwino kenako patapita mphindi zingapo n'kuyamba kudodoma. Upscaling ndi malire a mafelemu zimaipatsa mpata wopuma. Koma ngati mafani adzaza fumbi palibe setting yomwe ingakupulumutseni. Tsegulani, pukutani ndi kaburashi kofewa, ndipo musamasewere laputopu ili pabulangete.

Za VRAM, yomwe ndi memory ya khadi la zithunzi. Upscaling imachepetsako pang'ono yomwe gemu imadya, koma osati kwambiri, chifukwa ma texture, zithunzi zokutira pamwamba pa zinthu za m'gemu, amakhala omwewo. Frame Generation ndiye imawonjezera. Pa khadi la 4GB kapena 6GB, mukaona Memory usage yafika pakamwa ndipo mzere wa frametime, nthawi yomwe felemu iliyonse ikutenga, ukudumphadumpha, tsitsani Textures sitepe imodzi. Ngati malo alipo, monga pa RTX 3060 ya 12GB, asiyeni pamwamba. Ma texture abwino salemetsa khadi kwenikweni ndipo amapatsa upscaling zinthu zabwino zoti ikuze.

Gemu ikakhala yakale yopanda chilichonse mwa izi, pali Nvidia Image Scaling, Radeon Super Resolution ya makhadi a RX 5000 kupita m'mwamba, ndi pulogalamu yogula pa Steam yotchedwa Lossless Scaling. Zonsezi zimagwira kunja kwa gemu, sizilandira ma motion vector, ndipo zimakuza chilichonse mpaka zolemba ndi mapu, moti mawu amaoneka ofewa. Ndi zongothandizira pamavuto. Pa magemu opikisana monga Counter-Strike 2, komwe mdani amakhala timadontho tochepa patali, ndimasiya chithunzi chili chonse n'kutsitsa zina zonse. Ndiponso magemu amenewo nthawi zambiri amamangidwa ndi purosesa.

Amene mukufuna kugula khadi, kaya mukwera kombi kupita ku Gulf Complex, komwe amagulitsa zamagetsi mu Harare, kaya mukupeza pa magulu a Facebook ndi WhatsApp, nkhaniyi ikukhudzani. GTX 1660 Super ndi RTX 2060 zikasiyana madola ochepa, tengani RTX, chifukwa DLSS yokhayo ndi yokwanira kulipirira. Koma dzina la RTX lisakuphimbeni maso. RX 6600 ili ndi mphamvu kuposa RTX 3050, ndipo RTX 3050 ya 6GB ndi yofooka kuposa ya 8GB ngakhale dzina ndi limodzi. Kulikonse komwe mungagule, khadi la kaunjika lisachoke m'manja mwa wogulitsa musanalione likugwira ntchito. Nyamulani GPU-Z pa flash, ndi kapulogalamu kakang'ono ndipo kamalemba mawu oti FAKE kakazindikira khadi la Nvidia lomwe analisintha dzina. Pempheni wogulitsa atsegule gemu yolemera yokhala ndi DLSS, muone ngati ikuyatsika, muisiye iyende kwa mphindi khumi kapena kuposerapo mukuyang'ana kutentha, mafani onse akuzungulira ndiponso kuti pa sikirini sipakutuluka timizere kapena timabokosi ta mitundu yachilendo. Funsaninso kuti khadilo limafuna waya wa mapini angati, 6 kapena 8, chifukwa power supply ya kompyuta ya muofesi nthawi zambiri ilibe waya ameneyo ndipo ndi ndalama ina yoti muiwerengere musanalipire.